Mbumba, nkhoswe ndi mkamwini: mbiri ya chikamwini m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Chikamwini ndi mwambo wa ukwati umene mwamuna amachoka kwawo n'kukamanga nyumba kumudzi kwa mkazi wake, ndipo ana obadwa m'banjamo amawerengedwa kuchikazi. Midzi ya Achewa ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, pamodzi ndi imene yazinga msasa wa othawa kwawo wa Dzaleka, inamangidwa pa mwambo umenewu. Munda umachoka kwa mayi kupita kwa mwana wake wamkazi. Ufumu umachoka kwa mwamuna kupita kwa mng'ono wake kapena kwa mwana wa mlongo wake, osati kwa mwana womubereka yekha. Pa dziko lonse mitundu yowerengera chibale kuchikazi ndi yochepa, yosafika gawo limodzi mwa magawo asanu a mitundu imene miyambo yake inalembedwa, koma pakati pa Africa yandanda ngati lamba, kuyambira kwa Akongo kufupi ndi nyanja ya Atlantic, kudzera kwa Abemba a ku Zambia, mpaka kwa Achewa, Ayao, Alomwe ndi Amakua. N'chifukwa chake dzina la Achewa limamveka kawirikawiri pa mikangano ya asayansi ofufuza chimene chimachititsa munthu kukondera m'bale uyu kuposa uyo.

Tsinde la mudzi wa Achewa ndi bele, ndiwo anthu onse otsika mwa mayi mmodzi: ana ake, ana a ana ake aakazi, ndi zidzukulu za mzere womwewo. Mudzi ukakula pamakhala bele lalikulu, la mwana wamkazi woyamba, ndi mabele aang'ono. Mwamuna wamkulu aliyense ali ndi mbumba yake, ndiyo alongo ake ndi ana awo, ndipo iye ndiye nkhoswe yawo. Ntchito ya nkhoswe imaoneka bwino pabwalo la milandu. Mnyamata akadyetsa mbuzi m'munda wa eni, kapena akachimwitsa mwana wa eni, amene amaitanidwa kudzakhala pamphasa ndi atsibweni ake. Bambo womubereka akhoza kubwera, koma amakhala chapambali, chipewa chili m'manja, ndipo akafunsidwa amati eni ake a mwanayu alipo. Mwana akadwala mwakayakaya, bambo amatumiza uthenga kwa atsibweni usiku womwewo, chifukwa mwana akatsikira kulichete eni mbumba asanamve za matendawo, mlandu umagwera iyeyo.

Moyo wa mkamwini unali wa ulemu wochuluka ndi mphamvu zochepa. Ankafika ndi khasu ndi nkhwangwa, kumanga nyumba pamalo amene am'lozera, n'kuyamba kulima m'munda wa apongozi asanapatsidwe wakewake. Apongozi aakazi sankadya nawo pamodzi, ndipo akakumana panjira wina ankapatukira patchire. Akayamba kulamula m'mudzimo, akulu ankamukumbutsa kuti mkamwini asamakule mwendo. Ukwati ukatha, ankanyamula zida zake ndi chofunda n'kubwerera kwawo, kusiya nyumba, nkhokwe ndi ana. Koma munthu yemweyo akangofika kwawo ndi mwini mbumba, mawu ake ndi omaliza pa ukwati wa ana a alongo ake. Audrey Richards, amene anakhala pakati pa Abemba, analongosola mu 1950 kuti vuto lenileni la mitundu yotereyi lagona pamenepa: mwamuna amagona mudzi wina, ulamuliro wake uli mudzi wina. Achewa ankalichepetsa pokwatira pafupi, nthawi zambiri kwa msuweni, kuti munthu athe kupita kukaona mbumba n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Matthew Schoffeleers anaonanso kuti dambwe la Nyau linali malo amene amuna obalalika m'midzi ya akazi awo ankakhala amodzi.

Mwambowu ndi wakale kuposa maufumu a Amaravi, ndipo maufumuwo anaimikidwa pa iwo. Kalonga, mfumu yaikulu ya Amaravi, amene likulu lake linali ku Mankhamba kumwera kwa nyanja, ankayenera kukhala wobadwa mwa Nyangu, mayi wa mbumba ya a Phiri. Pa kachisi wa mvula wa ku Msinja panali Makewana, mkazi wa mfunda wa a Banda. Mpaka lero Kalonga Gawa Undi wa ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, amalowa ufumu kudzera mwa Nyangu. Zambiri mwa mbiri zimenezi anazisonkhanitsa Samuel Josiah Ntara, mphunzitsi wa mishoni wochokera m'boma la Dowa momwemo, m'buku lake la Mbiri ya Achewa.

Azungu oyamba kufotokoza chiyambi cha miyambo yotereyi analemba asanauone mudzi wa Achewa. Johann Jakob Bachofen mu 1861, Lewis Henry Morgan mu 1877 ndi Friedrich Engels mu 1884 anaphunzitsa kuti mitundu yonse ya anthu imakwera makwerero amodzi, kuti poyamba onse ankawerengera chibale kwa mayi chifukwa bambo sankadziwika, ndipo amene akutero mpaka pano anangotsalira pa sitepe yapansi. Chiphunzitsochi chinalibe umboni ndipo akatswiri anachitaya kalekale, koma chinali chitaononga kale. Atsamunda ndi amishoni ambiri anafika nacho m'mutu, n'kumaona chikamwini ngati ubwana umene mtundu uyenera kuukula. Charles Darwin, m'buku lake la 1859, sanaphunzitse za makwerero otere. Mfundo yake inali yakuti chamoyo chilichonse chimaumbidwa ndi malo amene chikukhala, ndipo chibadwa chimene chimathandiza kusiya ana ambiri amoyo ndicho chimafala. Funso loyenera tsono silakuti mwambo uli pa sitepe iti, koma lakuti ukuthandiza yani, ndipo pa chuma chotani.

Njira yoyankhira funsoli inatsegulidwa ndi William Hamilton mu 1964. Iye anasonyeza mwa masamu kuti chamoyo chimapititsa patsogolo tinthu tachibadwa totchedwa ma gene pobereka, komanso pothandiza abale amene ali ndi tinthu tomweto. Mwana amatenga theka kwa kholo lililonse. Mdzukulu ali ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, chimodzimodzinso mwana wa mlongo. Mwambi wakuti chibale ndi fupa sichiola unapeza apa masamu ake, koma masamuwo anautsa funso lina: ngati mwana wobereka wekha ali pafupi kawiri kuposa mwana wa mlongo, bwanji Mchewa amasiyira ufumu mwana wa mlongoyo? Richard Alexander anayankha mu 1974 kuti mayi sakayika za mwana wake, pamene bambo akhoza kunamizidwa, choncho kumene kukayikaku kwakula mwamuna amachita bwino kusamala ana a mlongo wake wa bele limodzi. Ena atawerengetsa bwinobwino anapeza kuti mfundoyi ingagwire ntchito pokhapokha ngati mwa ana atatu a mkazi wake, a mwamunayo sakufika ndi mmodzi yemwe. Palibe mtundu umene unapezeka utafika pamenepo. Yankholi linalinso lonyozetsa amayi a Chichewa popanda chifukwa, pakuti mwambo wa mdulo unkatchinga chigololo ndi mantha aakulu: kholo lochita zachiwerewere linkakhulupiriridwa kuti lidula mwana wake. Chimene chinalipo ndithu ndi kutha kwa maukwati pafupipafupi, moti ana a mayi mmodzi ankakhala ndi abambo awiri kapena atatu, pamene atsibweni anali amodzi omwewo moyo wonse.

Yankho lolimba linapezeka pamene ofufuza analeka kuyang'ana ndi maso a atsibweni n'kuyamba kuyang'ana ndi maso a agogo. John Hartung anayamba kuloza kumeneko m'zaka za m'ma 1980, ndipo mu 2003 Clare Holden, Rebecca Sear ndi Ruth Mace anaiyesa mfundoyi poyerekeza Achewa a ku Malawi ndi Agabbra, oweta ngamila a kumpoto kwa Kenya. Kholo lili ndi chuma chosiyira ana. Likapatsa mwana wamkazi, zidzukulu zodya chumacho n'zake mosakayika. Likapatsa wamwamuna, pamakhala chikayiko, ngakhale chochepa. Kuti kupatsa wamwamuna kupindule, chumacho chiyenera kumuonjezera ana kuposa mmene chingaonjezerere mlongo wake. Ziweto zimatero: mwamuna wa ngamila zambiri amalowola msanga, mwina akazi angapo, pamene mkazi, kaya alemere chotani, ana amene angabereke ali ndi malire. Munda wa khasu sutero. Pakati pa Achewa ofufuzawo anapeza kuti kukula kwa munda kumathandiza mwamuna ndi mkazi mofanana, ndipo zikafanana chotero, kachikayiko kakang'ono kaja n'kokwanira kupendeketsa cholowa kuchikazi. Mwa kuona kumeneku, chikamwini si kukondera mwana wa mlongo ayi, koma kuikiza chuma mwa ana aakazi, mlongo wawo ali mlonda.

Chaka chomwecho Holden ndi Mace anatenga mitundu 68 yolankhula zinenero za Chibantu ndi zoyandikana nazo, naindandalika pa mtengo wa chibale cha zinenero zawo kuti aone chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira. Anapeza kuti mitundu yowerengera kuchikazi ikapeza ng'ombe, kawirikawiri imasamukira kuchimuna kapena ku mwambo wosakaniza. David Aberle anali ataona kale mu 1961 kuti ng'ombe zambiri ndi chibale cha kuchikazi sizikhalira pamodzi kawirikawiri, ndipo lamba uja wa pakati pa Africa akudutsa kwambiri m'nkhalango za ntchentche ya kashembe, mmene ng'ombe sizichita bwino. Lamuloli lili ndi opatuka. Atonga a kumwera kwa Zambia ndi oweta ng'ombe koma chibale chawo n'cha kuchikazi, ndipo Achewa a kumtunda anali nazo ng'ombe Angoni asanabwere, kungoti sankalowolera.

Mapiri a Dowa ndi malo abwino oyesera mfundozi, chifukwa miyambo iwiriyi inakumana pomwepa. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835 ndi mwambo wa khola, lobola ndi cholowa cha bambo kupita kwa mwana wamwamuna. Gulu la Chiwere Ndlovu linapatukana ndi anzawo a kumpoto n'kudzakhazikika m'mapiriwa, ndipo maina a Chiwere ndi Msakambewa akadali maina a mafumu aakulu a Dowa. Achewa a kuno, amene ankatchedwa Achipeta chifukwa cha udzu wautali wa dzikoli, ena anagonja, ena anadzitsekera m'malinga, ena anathawira m'phiri la Ntchisi. Zikanakhala kuti wopambana nkhondo ndiye amapambana pa mwambo, chikamwini chikanatha. Sizinatero. Angoni anali ochepa, anakwatira akazi a Chichewa, ana anakula akulankhula chinenero cha amayi awo, ndipo Chingoni chinazilala. Ng'ombe sizinali za aliyense, ndipo wopanda ng'ombe sakanalowola. Chotsalira chinali chosakaniza: ufumu wa Chingoni ukupita kwa mwana wamwamuna, minda ya anthu wamba ikuyendabe kuchikazi. Mfunda, umene kale unkatengedwa kwa mayi, unayamba kutengedwa kwa bambo, moti lero mwana wa a Phiri ndi Phiri ngakhale akulira kwa amayi ake. Ngakhale liwu lakuti amalume, limene lafala kuposa lakuti atsibweni, ndi la Angoni, lofanana ndi la Chizulu.

Malonda a akapolo anaboola mwambowu pena. Njira ya akapolo yochokera kumtunda inkatsikira ku Nkhotakota, kwa Jumbe wogula akapolo, kumunsi kwa mapiri a Ntchisi. Kings Phiri, polemba mu 1983 za kusintha kwa banja la Achewa, anasonyeza kuti amuna amphamvu ankakwatira akazi aukapolo n'kuwasunga pamudzi pawo. Mkazi wotere analibe nkhoswe, choncho ana ake anali a bambo wawo, ndipo mwamuna ankatha kumanga mudzi wa ana akeake. Mbali yowawa ya unkhoswe inaonekeranso nthawi imeneyi: atsibweni anali ndi mphamvu yopereka mwana wa mlongo wawo ngati chikole cholipirira mlandu.

Amishoni a Dutch Reformed Church anafika ku Mvera mu 1889, A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok, m'dziko la Chiwere, ndipo Robert Blake anatsegula Kongwe mu 1894. Ankalalikira kuti mwamuna ndiye mutu wa banja, analimbana ndi Nyau, ndipo m'malo mwa chinamwali anadzaika chilangizo. Komabe ankhoswe sanawachotse, ndipo mpaka lero ukwati wa mutchalitchi suyenda popanda ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Chimene chinagwedeza mwambowu kwambiri sichinali ulaliki koma ndalama. Msonkho wa nyumba unathamangitsira amuna ku Halale ndi ku Joni. Ena anasanduka machona, ndipo mabanja awo anapulumuka chifukwa mkazi anali kwawo, pamunda wake, pakati pa abale ake. Obwerera anabwera ndi njinga, makina osokera ndi ndalama, chuma chimene sichinali cha bele lililonse. Kenako kunabwera fodya. A. F. Barron anayamba kugawira alimi mbande za fodya wa chikopa ku Mbabzi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, ulimiwo unafalikira ku Lilongwe ndi Dowa, ndipo mu 1926 boma linakhazikitsa Native Tobacco Board. Olembetsa anali amuna. Mwamuna womanga balani, wogula ngolo ndi ng'ombe zokoka, sankafuna kuzimanga pamudzi pamene akhoza kupitikitsidwa mawa. Ankapempha ankhoswe kuti atenge mkazi apite naye kwawo, n'kupereka chiongo, ndipo ukwati wa chitengwa, umene kale unali wa mafumu ndi eni mbumba, unafala. Fodya anachita chimene mikondo ya Angoni inalephera, ndipo anachita monga mmene mfundo ya Holden ndi anzake ikanayembekezera: chuma chikasanduka chopindulira mwamuna kwambiri, cholowa chimayamba kupendekera kwa ana aamuna. Koma chitengwa si lobola. Mtengwa, mwamuna wake akamwalira, amatha kubwerera kwawo ndi ana, ndipo atsibweni a anawo akadali eni ake.

Kuti abale a kuchikazi amathandiza mwana nthawi zonse, zimenezo zinayesedwanso. Kristen Hawkes ndi anzake, ataona agogo aakazi a Ahadza ku Tanzania akukumba mizu yodyetsa zidzukulu, anati mwina n'chifukwa chake mkazi amakhala zaka zambiri atasiya kubereka, ndipo ku Gambia kunapezeka mu 2000 kuti ana okhala ndi agogo a kuchikazi amakula bwino. Munthu akanayembekeza kuti kwa Achewa zikhala choncho koposa. Koma Sear, mu kafukufuku amene anasindikiza mu 2008, anapeza zosiyana: imfa za ana zinali zochulukirapo kumene agogo a kuchikazi ndi abale aakazi a mayi analipo, makamaka kwa ana aakazi ndiponso m'mabanja amene munda unali wa mkazi. Iye anati chifukwa chake chiyenera kukhala kulimbirana malo. Munda umodzi ukagawidwa kwa ana aakazi anayi, kenako kwa ana a anawo, achemwali amasanduka opikisana. Izi zikugwirizana ndi zimene Max Marwick analemba mu 1965 za Achewa a kuvuma kwa Zambia, kuti milandu yambiri ya ufiti inali pakati pa anthu a chibale cha kuchikazi, ndipo nthawi zambiri ndi imene inkagawa mudzi. Chibale chomwe chimakokera anthu pamodzi ndicho chimawaika pa mbale imodzi, ndipo mbaleyo ikachepa mkangano umayambira pomwepo.

Masamu a chibadwa ali ndi polekezera. Amaloza kumene cholowa chingapendekere, koma sanena chifukwa chake mudzi uwu wagwiritsa chikamwini pamene wa kutsidya kwa dambo watengera chitengwa, ndipo palibe gene ya chikamwini. Mwambo umaphunziridwa kutsimba ndi kumphala, ndipo andale amatha kuutenga n'kuugwiritsa ntchito zawo. Kamuzu Banda anadzitcha Nkhoswe Nambala Wani, amayi onse a m'dziko n'kukhala mbumba yake yomuvinira. Unkhoswe wa pamudzi unali ndi akulu oudzudzula ukalakwa, koma wa dziko lonsewu unalibe, ndipo ena mwa amene boma lake linawatenga ngati adani, pamodzi ndi a Mboni za Yehova ambiri, anatsekeredwa kundende ya Dzaleka. Malamulo nawo anakankha mwambo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana a womwalira, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola kulembetsa malo m'dzina la munthu, zimene zimakakamiza mbumba kusankha dzina lolemba papepala pamunda umene kale unali wa bele lonse.

Ndende ya Dzaleka inasandutsidwa msasa wa othawa kwawo mu 1994. Unakonzedwera anthu pafupifupi 10,000, koma tsopano muli oposa 50,000, ambiri ochokera ku Democratic Republic of Congo, Burundi ndi Rwanda. Miyambo iwiri ija yakumananso pamtunda womwewo. Kwa Anyarwanda ndi Abarundi mwana ndi wa bambo, ndipo ukwati umamangidwa ndi ng'ombe ya malowolo yotchedwa inkwano. Mitundu yambiri ya kuvuma kwa Congo nayonso imawerengera kuchimuna. Koma mumsasa mulibe khola lalikulu kapena munda wa makolo woti munthu asiyire mwana. Chimene kholo lingasiye ndi sukulu, luso la manja, kabizinesi ka pamsika, ndi dzina pa khadi la banja limene chakudya ndi mwayi wosamukira kudziko lina zimadalira. Mnyamata wa mumsasa akafunsira mtsikana wa m'mudzi woyandikana, ankhoswe a mtsikanayo amafuna kuona anzawo a kuchimuna, ndipo nthawi zambiri mnyamatayo alibe m'bale wamagazi pafupi, moti amaimiridwa ndi mkulu wa mpingo kapena wa mtundu wake. Kwawo anaphunzira kuti ana ndi a wolowola. Kuno munda umene anawo adzadye ndi wa amayi awo, ndipo wokhala pamphasa akadzapalamula ndi mlongo wa amayiwo.